Laputopu ija yayamba kuonetsa kanema

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti dzuwa la Okutobala lafika pomwe mumalidziwa paja. Pofika 10 koloko malata ayamba kale kuthetheka, ndipo kamphepo kochokera ku Shire kakufika kuno katafunda kale.

Ndalemba kuti ndibweze mawu anga. Mwezi watha pa foni ndinakuuzani kuti laputopu munatumiza ndi transipota ija yatha ntchito, ingothandiza kulembera makalata basi. Ndinafulumira kuyankhula. Dzulo usiku mwana wanu wa Fomu 4 uja waonerapo phunziro la Chemistry kuyambira poyamba mpaka pamapeto osadodoma ngakhale kamodzi, ndipo ndati ndisagone nayo nkhaniyi, chifukwa ndikudziwa kuti kumeneko zinthu zoterezi anthu amangozitaya.

Paja inabwera ndi Windows 7, RAM yake (malo omwe kompyuta imagwiritsira zinthu pomwe ikugwira ntchito) 2GB, purosesa Core i3 ya m'ma 2011. Windows 7 eni ake anasiya kuisamalira mu Januwale 2020, Chrome nayo pa Windows imeneyi inaima pa 109, ndipo fulashi iliyonse yomwe ana ankabwera nayo inkasiya mavairasi. Kuikamo Windows 10 kukanakhala kusenzetsa mwana thumba la chimanga. Ndiye m'malo mwa Windows ndinaika pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, Linux yopepuka yotchedwa antiX, yochokera ku Linux ina yotchedwa Debian. Ndinatenga mtundu wake wochepa poopa kutha bandulo, kenako browser ya Firefox, yotsegulira masamba a pa intaneti, ndinakaitenga ndekha kwa eni ake a Mozilla. Makina anapepukadi, kuyaka msanga, zolemba kutseguka mosavuta. Mavuto anayamba titafika pa kanema, pomwe kanema ndiye chifukwa chenicheni chomwe ndinakupemphani laputopuyi. Kusukulu kwa mwanayu zipangizo za mu labu n'zochepa. Madzi kusintha mtundu mu botolo amangowamva m'kamwa mwa aphunzitsi.

Poyamba zinandizunguza mutu chifukwa YouTube inkaonetsa, ngakhale modukizadukiza, koma kanema wa pa Facebook kunali bii, kamphete kongozungulira. Mnyamata wina woika nyimbo m'mafoni pamsika anati ndikusowa Flash, pulogalamu yakale yoonetsera kanema pa intaneti. Ayi ndithu, Flash inatha kumapeto kwa 2020, ndipo YouTube inali itaisiya kalekale, mu 2015. Mukamva munthu akukuuzani kuti mutsitse Flash lero, dziwani kuti chomwe mutsitse ndi vairasi.

Chomwe chinalipo ndi ichi. Kanema wa pa intaneti amabwera atapanikizidwa kuti achepe, ngati mmene amayi amatsindirira usipa m'thumba popita nawo ku Limbe, ndipo kapanikizidwe kake n'kosiyanasiyana. Amakatchula kuti codec. Otchuka ndi atatu: H.264 wakalekale, VP9 wa Google, ndi AV1 watsopano. Firefox imabwera ikudziwa kale kumasula VP9 ndi AV1, koma pa Linux H.264 imadalira pulogalamu ina yotchedwa ffmpeg, yomwe iyenera kukhala m'makinamo. Pa yanga munalibe. Ndinatsegula kazenera kakuda kolembamo malamulo kaja, terminal, n'kulemba sudo apt install ffmpeg libavcodec-extra, kutseka Firefox, kutsegulanso. Kanema wa pa Facebook anatulukira pompo.

Koma anatuluka wosalankhula. Milomo ikugwedezeka, mawu zii. Apa ndinataya madzulo awiri ndikuganiza kuti masipika afa, chikhalirecho nyimbo za pa fulashi zinkamveka bwinobwino. Kuyambira pa Firefox 52, mu 2017, Firefox ya kwa Mozilla imafuna pulogalamu yoyendetsa mawu yotchedwa PulseAudio kuti itulutse mawu, pomwe ma Linux ena opepuka ngati yangayi amangoyendera ina yotchedwa ALSA yokha. Pali kapulogalamu kakang'ono kotchedwa apulse komwe kamaima pakati n'kulumikiza ziwirizi. Ukakaika, umatsegula browser polemba apulse firefox. Mawu oyamba kumveka anali a mphunzitsi wa masamu wa ku India, ndipo alamu anu anatuluka kukhitchini chipande chili m'manja kudzaona mlendo walowa.

Tsono vuto lalikulu, lomwe linandichititsa kunena kuti makinawa atha, linali kudodoma kwa YouTube. Ukangoyamba kuonera, fani imalira ngati injini ya boti, pansi pa laputopu potentha osaika pamwendo, chithunzi n'kumaima mawu akupitirira. Ine ndinkada netiweki, mpaka kukakhala pakhonde kufuna kuti ikoke bwino. Tsiku lina ndinadina batani lakumanja la mbewa pa kanemayo n'kusankha pomwe palembedwa kuti Stats for nerds. Pamatuluka timizere ta manambala. Pa mzere wa Codecs panalembedwa vp09, kutanthauza VP9, ndipo mzere wina unkaonetsa zithunzi zotayika zikuchulukirachulukira, pomwe kanemayo anali atatsika kale kutsogolo. Netiweki inalibe mlandu. Makina ndiwo ankalephera kutafuna zomwe apatsidwa.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse, achimwene, poti mumakumana ndi malaputopu akale ambiri. M'kati mwa purosesa za Intel za zaka zimenezo muli kachigawo kopangidwira kumasula makanema ngati H.264, mosatopa ndiponso mosadya batire. VP9 sikamudziwa, luso limenelo linadzabwera m'mapurosesa a zaka zingapo pambuyo pake. YouTube ikaona kuti browser ikutha VP9 imatumiza yemweyo, osafunsa kuti makinawo ndi a chaka chanji. Ndiye ntchito yonse imagwera purosesa, kachigawo kaja katangokhala manja lende. Mankhwala ake ndi kachowonjezera ka mu browser kotchedwa enhanced-h264ify. Umachonga kuti kakane VP9, AV1 ndi kanema wa zithunzi 60 pa sekondi, ndipo YouTube imakakamizika kutumiza H.264. Ndinaikanso i965-va-driver, yomwe imatsegulira njira yopita ku kachigawo kaja, n'kulemba vainfo kuti ndione. H264 inaoneka pamndandanda. Nditabwerera pa Stats for nerds, pomwe panali vp09 panalembedwa avc1, dzina lina la H.264. Fani inatsitsa mawu mpaka ndinayamba kumva achule a kudambo.

Ndisakubisireni, pali mtengo wake. H.264 amadya bandulo yambiri kuposa VP9 pa chithunzi chofanana. Choncho ndamuuza mwanayu kuti aziika pa 360p, ndipo 480p pokhapokha ngati aphunzitsi akulemba tizilembo ting'onoting'ono pa bolodi. Pa sikirini yaing'ono ngati iyi 720p n'kungotaya ndalama. Ndamuletsanso kutsegula masamba ambiri nthawi imodzi, chifukwa 2GB sichedwa kudzaza, ndipo ikadzaza ngakhale mbewa imakana kuyenda.

Njira yomwe ine ndaikonda kwambiri siidutsa n'komwe mu browser. Pali pulogalamu yoonetsera kanema yotchedwa mpv, yomwe imagwira ntchito limodzi ndi ina yotchedwa yt-dlp. Umakopera adiresi ya kanemayo, n'kuipereka kwa mpv, kanema n'kutseguka payekha wopanda katundu yense wa tsamba la YouTube. Ndi yt-dlp yomweyo ndimatsitsa maphunziro usiku ndi bandulo yotchipa ija, kuti masana magetsi akazima aonere pa batire osafuna netiweki. Anzake awiri amabwera ndi mafulashi Loweruka kudzatengako. Chokhacho, yt-dlp imafuna kuikonzanso kawirikawiri, chifukwa YouTube ikasintha kena kake yakale imangokana.

Alamu anu anafunsa ngati mafilimu olipira aja angaoneke. Amenewo amakhala okhomedwa, ndipo mu Firefox umayenera kuchonga pa Settings pomwe alemba za DRM kuti itsitse kiyi wake wotchedwa Widevine. Pa yathuyi zingatheke poti ndi ya 64-bit, koma pa makina a 32-bit musavutike nazo. Ife sitinalembetse, bandulo yake tingaitenge kuti.

Mwanayu ndinamupeza dzulo atakhala pamkeka, laputopu ili pa mpando, kope pamwendo. Anaimitsa kanema pomwe dontho lomaliza likugwera m'botolo, madzi n'kusanduka ofiirira, anabweza m'mbuyo, kuoneranso, kubwezanso kachitatu. Kenako anandiitana kuti, "Ababa, bwerani mudzaone, zimasinthadi." Nsima inazizira pa tebulo, ndipo palibe anamukalipira.

Ndiye ndili ndi mapempho awiri. Mukapita kumashopu a zida zakale, mundifunireko RAM ya 4GB, DDR3, ya laputopu osati ya kompyuta ya pa desiki. Ndatsegula kumbuyo ndaona kuti malo ena ali opanda kanthu. Ndi kanthu kakang'ono, kangakwane mu envelopu. Chachiwiri, laputopu ija munati abwana anu akufuna kutaya chifukwa ikuchedwa, musalole ipite kudzala. Muone kaye ngati ikuyaka ndipo sikirini ndi yosasweka, mundiuze dzina la purosesa yake, ndipo ngati n'kotheka muipereke kwa transipota yemwe uja pobwera mu Disembala. Mphunzitsi wina wa ku Namwera wandifunsa kale kawiri.

Amayi anu ndinawaona Lachisanu pafupi ndi mlatho akuchokera kumsika, ali bwino, mwendo uja wachepako. Akuti muimbe. Utaka wouma ndakusungirani, ndidzapatsira transipota pobwerera.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu,
wa ku Mangochi