Samalani pogwiritsa ntchito makina okoka fumbi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilangize amene akugula makina okoka fumbi m'nyumba. Nambala ya mawati, kaya 1600 kaya 2000, imangonena magetsi amene mota ikudya. Kukoka kwenikweni kumadalira fyuluta yoyera ndi paipi yosatsekeka.

Mphamvu yonse isungireni kapeti. Pa makatani chepetsani mphamvu, kapena tsegulani kabowo ka pachogwirira kuti mpweya wina ulowere pamenepo, nsalu isamatirire kukamwa kwa makinawo. Pa simenti ndi matailosi dinani batani lotulutsa bulashi.

Makina akazima okha, kawirikawiri mota yatentha chifukwa mpweya woiziziritsa watsekeka. Zulani pulagi, khuthulani thumba, dikirani pafupifupi ola limodzi. Fyuluta yochapidwa iume maola 24 musanaibwezere.

Chonde, makina a 120V ochokera ku America musawalumikize mwachindunji. Magetsi athu ndi a 230V, mota ipsa.

Wokonza zamagetsi,
Blantyre