Usanalembe ndondomeko, uwafunse kaye kumene ayendako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndamva dandaulo lako lija, loti unawakonzera alendo odzaona dziko malo asanu ndi awiri oti aone tsiku limodzi, koma iwo anangokhala pansi n'kumacheza ndi msodzi amene anamupeza akusoka ukonde. Wati mwina ndi aulesi. Ayi. Ine ndikuona kuti anthu amenewo ayenda kwambiri.

Munthu amene akutuluka m'dziko lake koyamba, mtima umakhala m'mwamba: akagona kuti, akadwala athamangira kuti, chikwama chikasowa pabwalo la ndege atani. Mtima ukakhala pansi, amafuna kuona chilichonse chimene anamvapo. Akafika ku Paris sangabwerere osajambulitsa pa nsanja yotchuka ya Eiffel Tower, ndipo chithunzicho chifike pa Facebook dzuwa lisanalowe. Usamuseke. Ine ndi bambo ako tinachita zomwezo, kungoti ife tinkadikira masabata kuti zithunzi zitsukidwe.

Katswiri wina, Philip Pearce wa ku yunivesite ya James Cook ku Australia, anaiyerekeza nkhaniyi ndi makwerero mu 1988, potengera mfundo za Abraham Maslow, katswiri wa za maganizo a anthu, zoti munthu amayamba wafuna chitetezo asanafune zakuya. Ena anamutsutsa kuti munthu sakwera molunjika choncho, ndipo mu 2005 iye ndi mnzake Uk-Il Lee anaikonzanso. Anapeza kuti pali zinthu zitatu zimene sizichoka mwa aliyense, kaya ndi ulendo woyamba kaya wa makumi awiri: kuona zachilendo, kupumula kutali ndi zotangwanitsa za kunyumba, ndi kukhala pamodzi ndi okondedwa. Chimene chimakula munthu akamayenda ndi chidwi pa moyo wa eni malo komanso chilengedwe. Msodzi uja ndiye amene alendo ako anamulipirira ndege, osati malo asanu ndi awiri ako.

Tsono alendo akangofika, usathamangire kuwapatsa pepala. Uwafunse kumene ayendako, ndi chimene chinawatopetsa pa ulendo wapitawo. Woyamba kumene umuyandikire, umuuze nthawi yonyamukira ndi yobwerera, umupatse nambala yako. Woyendayenda umusiyire masana opanda chochita. Koma usayese kuti imvi ndi umboni wa maulendo. Pali agogo amene akwera ndege koyamba chaka chino, ndipo amafunika kuwagwira dzanja kuposa mnyamata amene wazungulira kale mayiko khumi.

Undiuze mmene gulu la sabata yamawa liyendere.

Ndine,
Mayi ako