Lamine Yamal azipumulako

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za Lamine Yamal, mnyamata wa timu ya mpira ya Barcelona amene anthu ayamba kale kumutcha Messi watsopano. Luso ali nalo, palibe angatsutse. Anasewera koyamba mu timu yaikulu mu Epulo 2023, pokumana ndi Real Betis, ali ndi zaka 15 zokha. Chaka chotsatira, akusewerera dziko lake la Spain, anamwetsa France chigoli chokoma chija mu semifayinolo ya Euro 2024, ndipo Spain inatenga chikho patangopita tsiku limodzi iye atakwanitsa zaka 17.

Koma kodi Ansu Fati tamuiwala? Nayenso anayamba kusewera mu timu yaikulu ya Barcelona mu 2019 ali ndi zaka 16, tonse tikumuombera m'manja. Mu Novembala 2020 anavulala bondo, anachitidwa maopaleshoni angapo, ndipo jezi nambala 10 imene anampatsa Messi atachoka inangomulemera. Nambala yomweyo ndi imene anapatsa Yamal mu 2025.

Thupi la mwana wa msinkhu umenewu limakhala likukulabe, koma mipikisano ya La Liga ndi Champions League komanso timu ya dziko zonse zikumufuna Yamal. Makochi a Barcelona ndi Spain agwirizane masewero amene mnyamatayu azikhala panja, ngakhale ife owonera tidandaule.

Wokonda mpira,
Zomba