Adzatione m'kalasi asanatikweze kapena kutisamutsa

A Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wa sitandade 2 pasukulu ina ya pulayimale kumapiri a Thyolo, kufupi ndi Masambanjati. Ndinayamba ntchito mu 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere ndipo ana anasefukira m'makalasi. Tinalembedwa opanda maphunziro a uphunzitsi, kenako tinaphunzitsidwa kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito. Ndatsala pang'ono kupuma, choncho sindikudzidandaulira ndekha ayi. Ndikulira ndi ana athu amene akuyamba kumene ntchitoyi.

Zaka zapitazo anatitumizira mtsikana wina wochokera ku koleji, ndipo tinagawana kalasi ya ana opitirira 120. Mabuku anali ochepa, buku limodzi ana asanu. Mtsikanayo sanakhale manja lende. Ankapita pa tiledingi kukapempha makatoni a sopo m'magolosale, madzulo n'kumadula zilembo ndi lumo. Anapota luzi la nthochi n'kulimanga kuchokera pawindo lina kukafika pa lina, zilembo zija n'kuzikoloweka pamenepo. Zitsekerero za mabotolo anaziika m'timatumba ta shuga, gulu lililonse thumba lake, zowerengera masamu. Izi ndi zomwe timazitcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamudzi, zimene akatswiri a zamaphunziro a ku Domasi akhala akutilimbikitsa. Pofika kumapeto kwa teremu yachiwiri, ana amene ankalephera "ba be bi" anali kulumikiza okha mawu ngati "bambo" ndi "nthochi". Ine nkhalamba ndinaphunzira kwa iye.

Oyendera ntchito atabwera, anakhala pa desiki, anatsegula sikimu ndi rejisitala, anayang'ana madeti, n'kusaina. Luzi lija linali pamwamba pa mitu yawo koma sanakweze maso.

Teremu yachitatu ili pakati, kalata inafika yoti mtsikana uja wasamutsidwa. Palibe amene anamufunsa, ngakhale ahedi anangodabwa. Namondwe Freddy atasasula denga mu Malichi 2023, makatoni aja ananyowa, otsala chiswe chinamaliza. Ndinakumana naye pamsika wa Luchenza akugulitsa zitenje Loweruka. Nditamufunsa ngati akudulabe zilembo, anandiuza kuti anasiya, poti wodula ndi wosadula onse amalandira chimodzimodzi, ndipo sadziwa kuti chaka chamawa adzakhala kuti. Ndinapita kunyumba mtima ukundiwawa, chifukwa sananame.

Timamva kawirikawiri kuti aphunzitsi a masiku ano ndi aulesi. Onena zimenezi ayambe afunsa kuti mphunzitsi amakwezedwa bwanji. Umadikira zaka zambiri pa giredi imodzi, ndipo intavyu ikabwera, mphindi zochepa kutsogolo kwa bwalo ndi zimene zimagamula. Woloweza mayankho amapambana. Amene ana ake akuwerenga alibe poonetsera ntchito yake. Za nyumba za aphunzitsi kumidzi kuno ndi alawansi yochedwa sindinenanso, enanu munalemba kale.

Pempho langa kwa akuluakulu a zamaphunziro ndi ili. Musanakweze munthu, wina akhale m'kalasi mwake phunziro lathunthu, amve ana akuwerenga, ndipo zimene waonazo ziwerengedwe pa malikisi a intavyu. Kusamutsa kuzichitika chaka chikatha, mwini wake atafunsidwa. Ndipo tikakumana ku TDC, malo osulirako aphunzitsi a m'dera, choko muzimupatsako mphunzitsi ngati mtsikana uja, atisonyeze mmene amapotera luzi lake.

Mphunzitsi wa sitandade 2,
Thyolo