Kalata ya ulendo wa ku Knysna

Wokondedwa Mavuto,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Nkhotakota. Ine kuno ku George, ku South Africa, ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chafika m'mafupa. Ndachedwa kuyankha uthenga wako chifukwa nkhani yomwe ndili nayo siyokwana pa WhatsApp.

Loweruka lapitali abwana anatipatsa tchuthi, ndiye ine ndi anzanga awiri tinakwera minibasi kupita ku Knysna, ulendo wosakwana ola limodzi pa msewu wa N2. Kunali chikondwerero cha maoyisitara, nkhono za m'nyanja yamchere, chomwe chimachitika chaka ndi chaka nyengo yozizira, chakumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julaye. Chinayamba mu 1983, pamene eni malonda a m'tauniyo ankafuna njira yokopera alendo m'miyezi yomwe mahotela amakhala opanda anthu. Lero chinakula, kuli mipikisano ya njinga ndi yothamanga m'nkhalango, koma ine chinanditengera kumeneko ndi chakudya.

Ndiyambe ndi madzi, poti iwe ndi ine tinakulira pagombe. Tauniyo inamangidwa mozungulira thamanda lalikulu pomwe mtsinje wa Knysna umakumana ndi nyanja yamchere. Madzi a m'nyanja amalowa kudzera pampata wopapatiza pakati pa matanthwe awiri ataliatali otchedwa The Heads, mpata womwe kale unaswa zombo zambiri. Tinafika madzi ataphwa, matope ali poyera, mabwato ena atagona cham'mbali ngati ng'ombe zokhuta. Pomwe timamaliza kudya n'kuti madzi atabwerera, mabwato aja akuyandama. Zimatero kawiri tsiku lililonse. Ndinakumbuka atate ako akukokera bwato kumtunda madzulo, osadera nkhawa kuti m'mawa nyanja ikhala itasamuka. Msodzi wa kuno amayamba wafunsa nthawi ya madzi asanafunse za mphepo.

Oyisitarayo ndi mtundu wa nkhono wa zigoba ziwiri, zokakala ngati mwala wa pachulu. Siyenda. Imamatirira pamalo amodzi n'kumasefa madzi, kudya tizinthu tosaoneka ndi maso tomwe tili m'menemo. Ndinaima nthawi yaitali kuonerera mayi wina akuzitsegula. Dzanja lamanzere anakulunga nsalu, lamanja kampeni kafupi kokhuthala. Amalowetsa nsonga pomwe zigoba zalumikizana, kupotoza pang'ono, kenako kudula kamnofu kogwira chigoba chapamwamba. Chomwe amasamala kwambiri ndi timadzi ta m'kati, kuti tisatayike. Akatero amaiika pa ayezi, pambali kachidutswa ka ndimu. Anandiuza kuti ikakhala yoyasama isanatsegulidwe, ndipo ukaigogoda osatseka, imeneyo yafa, ndi yotaya.

Apa ndiye pali nkhani, achimwene: imadyedwa yaiwisi. Ife tinaleredwa kuti cha m'madzi chiyambe chaona moto, ndipo mtima unakana kaye. Koma ndinafinyira ndimu, kukweza chigoba kukamwa, n'kutafuna kawiri katatu monga anandilangizira mayi uja. Poyamba umamva kuzizira ndi mchere, ngati wamwa funde. Kenako pamabwera kukoma kwina kofatsa, kotsekemera patalipatali, komwe kamatsalira kukhosi. Ndilibe chakudya cha kwathu chomwe ndingakuyerekezere. Ndinadya zisanu ndi imodzi, ndipo yomaliza ndinaidya opanda ndimu kuti ndiimve bwinobwino.

Anali ndi mitundu iwiri. Ina ndi ya m'matanthwe, yomwe anthu a ziphaso amakagoba m'mphepete mwa nyanja madzi akaphwa. Zigoba zake n'zokhotakhota ndipo mchere wake ndi waukali. Ina ndi yoweta, mtundu wochokera ku Japan, yomwe amaikulitsa m'madengu olendewera m'madzi. Ine ndinakonda ya m'matanthwe, ngakhale mnzanga mmodzi anati yoweta ndiyo yonona. Chinandidabwitsa n'chakuti zoweta zambiri zomwe zimadyedwa pachikondwererochi masiku ano zimachokera kwina, monga ku Saldanha Bay ndi ku Algoa Bay, chifukwa ulimi wake m'thamanda la Knysna unatsika. Ndinamva chisoni, ndipo maganizo anathamangira kwa chambo chathu. Ukukumbuka tili ana momwe chinkadzazira bwato? Iwe wemwe unandilembera chaka chatha kuti masiku ano ukachipeza chachikulu umayamba wachiyang'anitsitsa usanafunse mtengo.

Titachoka apo tinadya zophika. Panali nkhono zina zakuda zophikidwa ndi adyo, zomwe msuzi wake tinapukuta ndi buledi mpaka mbale kuyera. Panalinso nsomba yotchedwa snoek yowotcha pamakala, yopakidwa jamu wa maapurikoti monga amachitira anthu a ku Cape. Nsomba ndi jamu, ndinakayika, koma zimagwirizana. Ndi nsomba yaitali, ya minga italiitali yosavuta kuchotsa, ndipo fungo lake pamoto linandikumbutsa mcheni wowamba. Pamenepo ndinalakalaka nsima, ya ufa woyera, yotentha.

Mnyamata yemwe anatibweretsera mbale anatimva tikulankhula, n'kutipatsa moni m'Chichewa. Kwawo ndi ku Mangochi. Anati m'makhitchini ndi m'minda ya maluwa ya tauniyo Amalawi alimo ambiri, ndipo sabata ya chikondwerero amaweruka usiku kwambiri. Iye watsegula maoyisitara osawerengeka, zala zake zili ndi zipsera, koma sanalawepo ngakhale imodzi. Ndinamuuza kuti ayese ya m'matanthwe. Anaseka n'kunena kuti aganiza.

Tsiku lonse ndinkangoti Mavuto akanakhala pano. Iwe ukanafunsa asodzi aja za maukonde awo ndi nyambo zawo, mafunso omwe ine sindinawaganize n'komwe. Ukakonza pasipoti ija, tidzayesetse kuti ulendo wako udzagwe mu Juni, ndipo udzabwere ndi jekete lochindikala. Ndasunga zigoba ziwiri, ndazitsuka bwino, ndidzapatsira aliyense wobwera kumudzi kuti ana akaone. Nawenso ukapeza munthu wokwera basi ya ku Joni, unditumizireko usipa wouma ndi kaufa pang'ono. Wa ulendo watha unatha mu Epulo.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndagula.

Ndine mnzako,
Yamikani