Kalata ya abusa: za chikomyunizimu zomwe achinyamata akukangana

Okondedwa mwa Ambuye, abale ndi alongo,

Ndamva kuti achinyamata athu mwakhala mukukangana kwambiri, ena mukuti dziko lingogwa basi, kwacha ithe ntchito, boma lisowe, ndiye pambuyo pake tidzayambe kugawana zinthu mofanana, ati ngakhale mpingo woyamba unkachita chomwecho. Sindikukukalipirani ana anga. Munthu wamaliza Grade 12 zaka zapita, ali pa Kalingalinga ntchito palibe, malaiti azima kuyambira m'mawa, mtengo wa unga ukungokwera, ameneyo akakwiya ndikumumvetsa.

Koma dziko likagwa amene amatola ulamuliro ndi amene ali ndi mfuti. Ku Russia mu 1917 zinthu zinagwadi, nkhondo ndi njala, ndiye gulu la Lenin linalanda boma polonjeza mtendere, minda ndi chakudya. Pofika 1932 ndi 1933 Stalin, amene analamulira pambuyo pa Lenin, anali akulanda mbewu m'nkhokwe za alimi ndipo ku Ukraine anthu mamiliyoni anafa ndi njala, dera la nthaka yachonde ngati limenelo. Ku Cambodia mu 1975 Pol Pot anathetsa ndalama zenizenizo, kutulutsa anthu m'tauni kuti onse akalime, zaka zosakwana zinayi anthu oposa miliyoni atha. Ku Somalia boma linagwa mu 1991 ndipo komyunizimu sinabwere n'komwe, kunabwera akuluakulu a zigawenga aliyense ndi lodibuloko yake.

Ife kuno ku Zambia tinalawako pang'ono chabe. A Kaunda yawo ankaitcha Humanism, mu 1968 ku Mulungushi boma linayamba kutenga makampani, mu 1969 ku Matero analengeza zotenga 51 peresenti ya migodi. Zabwino zinalipo, tisaname, ambiri a ife akuluakulu tinaphunzira ulele ndipo kuchipatala sitinkalipira. Koma mtengo wa kopa utagwa mu 1975 zinthu zinayamba kusowa, funsani amayi a chigwirizano akuuzeni za mizere ya ku masitolo a boma, kudzuka kusanache ndi mwana kumsana kukaima pofuna saladi, sopo, shuga, kufika pakhomo akuti zatha, kwinaku wokhala ndi m'bale wake mkati akutulukira khomo lakumbuyo ndi katoni pamutu. Papepala tonse tinali ofanana. Anabwera makuponi a unga, kenako June 1990 unga utakwera Lusaka inayaka ndipo anthu anafa m'misewu yathu yomweyi. Zogulitsa makampani zomwe zinatsatira nazonso zinaliza mabanja ambiri, musaganize kuti ndikuziikira kumbuyo, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Manje za mpingo woyamba. Zoona pa Machitidwe 2 ndi 4 okhulupirira ankagulitsa minda n'kubweretsa ndalama kwa atumwi, panalibe wosowa pakati pawo. Koma musaimire pomwepo, pitirizani kuwerenga. Pa mutu 5 Petro akuuza Hananiya kuti mundawo unali wake ndipo ndalamazo zinali m'manja mwake, tchimo linali bodza, palibe anamukakamiza kugulitsa. Pa mutu 6 madandaulo ayamba kale, amasiye olankhula Chigiriki akuwadumpha pogawa chakudya, mpingo wodzala ndi Mzimu Woyera umenewo! Ndiye anasankha amuna asanu ndi awiri odziwika bwino kuti aziyang'anira, osankhidwa ndi khamu lonse la okhulupirira. Kugawana kumatheka pomwe anthu akudziwana nkhope, wopereka wapereka yekha, ndipo wogwira thumba mukhoza kumufunsa kapena kumuchotsa. Ngakhale chilimba cha amayi khumi pa msika wa Soweto chimasokonekera mmodzi akangodya yake n'kuzimitsa foni, nanga dziko lonse la anthu pafupifupi 20 miliyoni muike m'manja mwa chipani chimodzi chomwe simungachichotse?

Ndiye pempho langa ndi ili. Thumba lathu lachifundo lili ndi amasiye ndi ana a sukulu ochuluka kuposa ndalama zomwe zikulowa, ndipo komiti yake yonse ndi ya imvi. Ndapempha akulu a mpingo kuti achinyamata awiri alowemo, inuyo musankhe nokha, ndipo buku la ndalama lizitsegulidwa pamaso pa onse kamodzi pamwezi. Tikumane Loweruka likudzali ikangotha prakatisi ya kwaya, amene mumalankhula kwambiri za Marx, tate wa maganizo a chikomyunizimu, mubwere msanga mukhale kutsogolo.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.