Mbuzi ya m'khola imafunda ndi udzu wouma, osati madeya

Akonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi oweta mbuzi anzathu za kadyetsedwe ka ziwetozi nyengo yozizira ikadza ndi mvumbi, mbuzi n'kumaswera m'khola masiku angapo osatuluka. Mbuzi zambiri zimene zimadwala kapena kufa nthawi imeneyi sikuti zimaphedwa ndi chisanu chokha. Zimapwetekedwa ndi zimene eni ake aziikira m'chodyera, ndipo kawirikawiri amatero chifukwa cha chifundo.

Kuzitsekera kukagwa mvula yozizira n'koyenera ndithu. Ubweya wa mbuzi ulibe mafuta ambiri oletsa madzi kulowa ngati wa nkhosa, ndipo mafuta a thupi lake imasunga m'kati mwa mimba, pansi pa chikopa pamakhala ochepa. Ikanyowa n'kuombedwa ndi mphepo imazizidwa msanga. Koma mbuzi ikakhala panja imasankha yokha, apa tsamba, apo khungwa, uko nsonga ya chitsamba. Mukaitsekera, kusankha konse kwabwera m'manja mwanu.

Chimene chimafunditsa mbuzi ndi chifu chake chachikulu, chomwe chili kumanzere kwa mimba. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya udzu, ndipo pogayapo pamatuluka kutentha. Udzu wouma wautali umagayika pang'onopang'ono, mbuzi n'kumabzikula usiku wonse, thupi likufunda. Kubzikulako kumatulutsanso malovu ambiri amene amachepetsa asidi m'chifu. Chimanga ndi madeya sizichita zimenezi, chifukwa zimasasa mofulumira ndipo sizifuna kubzikula kwenikweni. N'chifukwa chake tikunena kuti kukazizira wonjezerani udzu, osati madeya.

Mbuzi imadya zouma zolemera pafupifupi magawo 3 kapena 4 pa magawo 100 a kulemera kwake tsiku lililonse. Ya makilogalamu 40 imafuna pakati pa kilogalamu 1.2 ndi 1.6. Popeza mbuzi imasolola ndi kutaya, muiikire makilogalamu 1.5 mpaka 2 a udzu wouma. Gawani kawiri, ndipo gawo lamadzulo likhale lalikulu poti usiku ndiye kumazizira kwambiri. Mukapeza chodyera chili mbee m'mawa, udzu unachepa. Mukapeza mwatsala timitengo tokhatokha, ndiye kuti zinakhuta bwino. Mapesi okha sakwanira, chakudya chake n'chochepa. Aduleniduleni ndi kuwasakaniza ndi zotsalira za mbewu za m'gulu la nyemba zoumitsidwa bwino, monga masamba a mtedza kapena a khobwe, kuti zimenezi zikhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Musanapereke udzu, pisani dzanja m'kati mwa mtolo, osangoona kunja. Ukakhala wofunda kapena wachinyezi, ukamanunkha chuku, kapena ukamatulutsa fumbi loyera pougwedeza, umenewo ndi wa manyowa, si wa mbuzi. Ena amati mbuzi imadya chilichonse, koma chakudya chovunda chimachotsetsa bere ndipo chimabweretsa matenda a muubongo otchedwa listeriosis, makamaka msipu wosungidwa m'nkhuti ukaonongeka. Mbuzi yogwidwa ndi matendawa imazungulira mbali imodzi, khutu limodzi ndi mlomo zitagwa, dovu likuchucha, ndipo ikachedwa kulandira mankhwala imafa m'masiku ochepa. Madeya a chuku nawo amaononga chiwindi. Udzu usungidwe pathandala, pansi pa denga losadontha, osatsamira khoma.

Chodyera chikhale chokwera, chofika pachifuwa cha mbuzi kapena kupitirirapo, chokhala ndi timipata toti mbuzi izisolola udzu koma osalowetsamo miyendo. Udzu ukagwa pansi n'kupondedwa mbuzi siufunanso, ndipo ana akamautola pakati pa ndowe amatenga tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba kwa magazi. Mbuzi iliyonse ikhale ndi malo a masentimita 30 mpaka 40 pachodyera, za nyanga zipatseni oposerapo. Mfundo imeneyi anthu amaipeputsa. M'khola lothinana mbuzi yamphamvu imaima pakati n'kumagunda zinzake, ndiye mwini amaona chakudya chatha n'kuganiza kuti zonse zadya, chonsecho yaing'ono ndi yokalamba zagona ndi njala. Zodyera ziwiri zotalikirana zimathetsa vutoli.

Msipu wauwisi umafuna kusamala kwake. Udzu kapena masamba odulidwa mvula ikugwa asaperekedwe akudontha madzi. Ayanikeni pansi pa denga kwa maola angapo madzi aume, ndipo mbuzi ziyambe zadya udzu wouma. Msipu wanthete wonyowa, makamaka wa m'gulu la nyemba, umachita thovu m'chifu, mpweya n'kulephera kutuluka, mimba kumanzere n'kutupa ngati ng'oma. Podula udzu siyani masentimita 10 kuchokera pansi, chifukwa mphutsi za njoka za m'mimba zimakhala m'munsimo kukanyowa. Nthambi za masamba muzimange mtolo ndi kuzipachika. Lukina ndi wabwino koma asapitirire gawo limodzi mwa atatu a chakudya chonse. Mapira anthete, ophukira kachiwiri kapena opserera ndi chisanu, amakhala ndi poizoni, ndipo chitsamba cha lantana chisalowe m'khola ngakhale tsamba limodzi.

Tsopano za madeya ndi chimanga, pomwe pagona ngozi yaikulu. Mbuzi yaikulu yopanda bere, yosayamwitsa, imene ikudya udzu wabwino, sifunika madeya. Zofunika kuwonjezeredwa ndi za bere lokhwima, zoyamwitsa, ana amene akukula ndi zoonda. Ngakhale zimenezi, yambani ndi magalamu 100 patsiku, muzikweza pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10, chifukwa tizilombo ta m'chifu timatenga nthawi kuti tizolowere chakudya chatsopano. Udzu uziyamba, madeya pambuyo, ndipo azigawidwa m'mawa ndi madzulo. Mbuzi yokamidwa imafuna pafupifupi magalamu 300 mpaka 400 pa lita iliyonse ya mkaka, koma zivute zitani madeya asafike theka la chakudya chonse.

Mbuzi ikadya chimanga chambiri nthawi imodzi, asidi amachuluka m'chifu n'kupha tizilombo togaya udzu. Imasiya kubzikula, imakukuta mano, imatsegula m'mimba zonunkha mosasa, ndipo ina imayamba kudzandira. Mukaona zimenezi chotsani madeya onse, siyani udzu wouma ndi madzi, ndipo itanani dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Kusintha chakudya mwadzidzidzi kumadzutsanso tizilombo ta Clostridium m'matumbo, timene timatulutsa poizoni wopha m'maola ochepa, ndipo kawirikawiri imafa ndi mbuzi yonenepa, yodya bwino kuposa zonse. Katemera wake alipo. Za bere zibayidwe patatsala masabata 4 mpaka 6 kuti ziswe, kuti ana alandire chitetezo kudzera mu mkaka woyamba. Chitseko cha mosungira chakudya chikhale ndi loko wodalirika, poti mbuzi yotopa ndi kukhala m'khola imatsegula chilichonse chomangidwa mwachisawawa.

Atonde ndi mbuzi zofulidwa zili ndi vuto lawolawo. Madeya ali ndi mchere wa m'thupi wotchedwa fosifolasi wambiri, koma wotchedwa kashiamu wochepa, pomwe thupi limafuna magawo awiri a kashiamu pa gawo limodzi la fosifolasi. Mbuzi ikamadya madeya ambiri n'kumamwa madzi ochepa, m'chikhodzodzo mumapangika timiyala timene timatseka njira ya mkodzo, yomwe mwa yamphongo ndi yopapatiza. Imadzitambasula, imalira, imakankha koma mkodzo ukungodontha kapena osatuluka konse. Ambiri amayesa kudzimbidwa n'kuimwetsa mafuta, nthawi n'kumatha. Imeneyi ndi ya dokotala msangamsanga, chikhodzodzo chisanaphulike.

Apa m'pamene madzi akufunikira kuwatchula. Kunja kukamagwa mvula anthu amaiwala kuti mbuzi yodya zouma ili ndi ludzu kuposa yodya msipu. Iliyonse ipeze malita 4 mpaka 5 patsiku, yoyamwitsa kawiri kake kapena kuposerapo. Madzi ozizira kwambiri mbuzi imangolawa, choncho m'mawa ndi madzulo ipatseni ofunda pang'ono. Ndowa ikwezedwe kuti musagwere ndowe, poti mukagwera kamodzi kokha mbuzi imakana kumwa, ndipo mbuzi yosamwa imasiyanso kudya.

Bere la mbuzi limatenga masiku pafupifupi 150, ndipo ana amakula kwambiri m'masabata 6 omaliza. Nthawi imeneyo amapanikiza chifu, mayi n'kumadya pang'ono pomwe thupi likufuna zambiri. Udzu wabwino koposa usungireni zimenezi, ndipo madeya akwere pang'onopang'ono kufika magalamu 300 mpaka 500 patsiku pofika poswa. Ya mapasa ikasowa chakudya imayamba kusungunula mafuta ake, magazi n'kudzaza poizoni. Imatsalira m'mbuyo podya, imakonda kugona, miyendo imatupa, mpweya wa m'kamwa umanunkha motsekemera. Yonenepa kwambiri ndi yoonda kwambiri ndi zimene zimagwidwa. Mbuzi ya bere ikangodumpha chakudya kamodzi, musadikire mawa.

Mchere wa ziweto ukhalepo nthawi zonse, pamalo pouma. Gulani wa mbuzi, chifukwa wa nkhosa amauchepetsa dala mchere wa m'thupi wotchedwa kopa, pomwe mbuzi imafuna kopa wochulukirapo. Ngati m'khola muli nkhosa ndi mbuzi pamodzi, wa mbuziwo nkhosa zisaufikire. Mchere wonyambita wokhala ndi yureya usanyowe, popeza madzi osungunukirapo mbuzi ikamwa imafa, ndipo ana osayamba kubzikula asaupeze.

Chakudya chabwino sichithandiza m'khola loipa. Pofuna kuteteza mbuzi ku chisanu ena amamata mipata yonse, mpweya wa mkodzo n'kudzaza, chibayo n'kulowa. Mipata ikhale m'mwamba pafupi ndi denga, m'munsi motsekedwa kuti mphepo isaombe pogona. Gwadani pogona mbuzi: mawondo akanyowa kapena maso akayamba kuwawa, zoyala zisinthidwe. Pansi ponyowa pamaoletsa ziboda, ndipo mbuzi yotsimphina siima nthawi yaitali pachodyera. Ziboda za mbuzi yosayenda zimakula msanga, ziwengeni pakatha masabata 6 mpaka 8.

Tsiku lililonse imani kanthawi muone ngati zonse zikubzikula. Ikani dzanja kumanzere kuseri kwa nthiti, mumve chifu chikuyenda kamodzi kapena kawiri pa mphindi. Sabata iliyonse papasani msana ndi nthiti, chifukwa ubweya wa nyengo yozizira umabisa kuonda. Tsitsani chikope cham'munsi: chikakhala chotuwa m'malo mofiira, magazi achepa ndipo njoka za m'mimba ndizo zoyamba kuzikayikira. Kutentha kwa mbuzi yabwinobwino kumakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40.

Mvula ikakata, zitulutseni ziwongole miyendo ndi kuothera dzuwa, koma ziyambe zakhuta udzu wouma ndipo msipu ukhale utauma madzi. Tsiku loyamba ola limodzi kapena awiri akwana, kenako muziwonjezera nthawi tsiku ndi tsiku kwa sabata yathunthu.

Ife,
Oweta mbuzi ndi alangizi a ziweto